Gitala Imene Ndinayanika pa Malata

Senderani kuno, ana inu, mumve zimene agogo anu aamuna anapita osazimva.

Chaka china chiperoni chinakhalitsa, gitala yawo mpaka kuchita chuku. Dzuwa litatuluka, iwo ali kothyola tiyi, ine mwa nzeru zanga ndinaiyanika pa malata ngati makaka, tsiku lonse. Khosi lake linapindika, nsambo n'kukwera m'mwamba.

Atabwera anayesa kuimba, koma nsambo zinkakana kudinika. Anayang'ana zala zawo nati, "Amayi, ndakalamba. Kukwaya ndisiya."

Ine ndinangoti, "Pepani, bambo." Ndinayamba kuwathowa zalazo ndi madzi otentha, masabata atatu, nkhope ili yachisoni. Mfiti ine!

Alamu anga a Wayisoni, kalipentala wa pa esiteti, ndiwo anawongola khosilo mwamseri, agogo anu osadziwa, polipanikiza ndi thabwa, n'kupala kafupa kokhalapo nsambo mpaka zinatsika. Anandinong'oneza, "Alamu, gitalayi sinaotheko dzuwa?"

"Ine ndi gitala tidziwana pati?"

Anangoseka.

A Wayisoni anamwalira osandiulula. Agogo anuwo anaimbanso kukwaya zaka zambiri, akuuza aliyense kuti manja anga ndiwo anawachiritsa. Ine ndilipo, ndipo anthu akubwerabe kuti ndiwathowe.