Lachisanu Limene Ndinkayenera Kufa

Fungo la kalafuu mpaka lero sindilifuna. Ena akalimva amakumbukira pilawu wa pa Khirisimasi, koma ine limandibwezera ku Vingunguti, m'chipinda chathu cha malata chimene chinkatentha ngati uvuni mwezi wa Febuluwale, amayi atandipanikiza mutu pantchafu pawo akulowetsa kathonje ka mafuta a kalafuu m'bowo la dzino langa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mu Dar es Salaam ndinali nditangokhalamo miyezi iwiri. Makolo anga anandisiya ku Mulanje kwa azakhali ndili wa zaka ziwiri, iwo n'kubwera kuno kudzasaka ntchito. Bambo ankasenda ng'ombe kophera nyama, ndipo amayi ankagulitsa supu wa mang'ina m'mbali mwa msewu. Amayiwo ndinkawaopa ngati aphunzitsi. Sanali ankhanza ayi, koma anali munthu wa phuma, wolankhula Chiswahili tsiku lonse, Chichewa n'kumachisungira zolamula: samba, idya, choka pakhomo. Ang'ono anga awiri obadwira konkuno ankawakwera pamsana n'kumaseka nawo m'chiyankhulo chimene ine sindinkamva. Ndinkangotolamo mawu ofanana ndi athu, monga moto, nyama ndi nyumba, otsalawo ndinkangolota.

Kalafuu atalephera, tsaya litatupa mpaka diso kuchepa, amayi anatseka geni yawo tsiku lina Lolemba n'kunditengera kuchipatala cha mano ku Upanga. Tinakwera daladala, minibasi ya kuno, yodzaza thukuta, kenako bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Dokotala anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa, koma ine sindinaone kufatsako. Ndinaona zitsulo zili mndandanda pathireyi, ndipo ndinakumbukira azakhali tsiku limene anabwera kozulitsa dzino, chitenje chili magazi okhaokha. Chala cha dokotala chitangolowa m'kamwa mwanga, ndinaluma. Ndinalumadi ndi mtima wonse, mpaka labala wa golovesi kung'ambika.

Dokotala sanakalipe. Anasamba m'manja, n'kuyamba kufotokozera amayi kwinaku akupinda zala. Zimene ankanena ndinadzazimva patapita zaka. Ankati dzinolo liyenera kuzulidwa kutupa kukaphwa, koma mwana wamantha chonchi jakisoni yekha sangakwanire, pafunika chomukhazika mtima pansi. Panali mankhwala akumwa oodzeretsa. Panali mpweya wopumira pamphuno, umene munthu amakhala ali maso koma mantha n'kuthawa. Panalinso kumugonetseratu ku fiyeta, koma izo ankati n'zazikulu kwambiri pa dzino limodzi. Amayi anasankha mpweya. Pa zonsezi ine ndinatolapo mawu amodzi okha, pamene dokotala anandiloza n'kunena momwetulira kuti, "Atakufa ganzi tu, mama."

Atakufa. Mawu amenewo sankafuna womasulira. Ndinayang'ana amayi kuti ndione akudzuka, akukuwa, akundikokera kunja. Iwo anangogwedeza mutu.

"Haya, sawa," anatero amayi. "Lini?"

"Ijumaa," anayankha dokotala.

Titafika kunyumba ndinafunsa mng'ono wanga, amene ankamva Chichewa pang'ono, kuti Ijumaa ndi chiyani. Anandiseka kaye umbuli, kenako anati ndi Lachisanu.

Wina angafunse kuti bwanji sindinawafunse amayi. Kwa azakhali mwana sankafunsa zimene akuluakulu agwirizana, ndipo ine ndinali mwana wophunzitsidwa bwino mpaka kupusa. Komanso m'mutu mwanga nkhaniyo inkamveka. Ndinali nditaluma dokotala. Ndinali mwana wobwera, wodwaladwala, wotsekereza geni. Anthu amene anakwanitsa kukhala zaka zisanu ndi chimodzi popanda ine sakanavutika kupitiriza. Kuthawa ndinakuganizira, koma njira imene ndinkaidziwa inkathera pa mpope wa madzi.

Choncho ndinayesa kuwasinthitsa maganizo. Lachiwiri ndinasesa bwalo lonse, la eni nyumba lomwe, n'kukwecha mapoto a supu mpaka zala kusupuka. Lachitatu amayi atagula chinangwa chokazinga ndinachitafunira dala mbali yodwalayo, iwo akuona, kuti adziwe kuti ndachira. Ululu unalasa mpaka m'khutu, misozi n'kungotuluka yokha. Amayi anandilanda chinangwacho n'kunena kuti, "Usavutike, Lachisanu zonsezi zitha." Mapiritsi a kutupa amene dokotala anatipatsa ndinkamwa mokhulupirika, ndipo tsaya likamaphwa ndinkaona kuti tsiku likuyandikira.

Madzulo ena bambo atakhala pakhonde, akununkha zikopa ndi sopo, ankauza mnzawo wa kwathu za ntchito yawo. Anati ng'ombe yoti iphedwa mawa siipatsidwa msipu, madzi okha basi, ndipo umaiyendetsa mofatsa kuti isadzidzimuke. Ndinali pambali ndikusankha mpunga. Lachinayi amayi anandiitana, n'kundipatsa soda yozizira, ine ndekha, ang'ono anga akuyang'ana. Anandisisita pamutu, zimene anali asanachitepo, n'kunena kuti, "Mawa m'mawa usadye kanthu, adokotala anatero. Madzi pang'ono basi." Soda ija ndinaimwa yonse, koma sindikudziwa kuti inkakoma bwanji.

Lachisanu ndinasamba osauzidwa, ndinadzola mafuta, n'kuvala diresi yanga ya kutchalitchi. Amayi anaiyang'ana modabwa koma nthawi inali itatha. Mu daladala anandikhazika pamiyendo pawo, ndipo ndinkamva mtima wawo ukugunda bwinobwino kumsana kwanga, ngati wa munthu wopita kumsika. Zimenezo zinandipweteka kuposa dzino.

Kuchipatala ndinakwera ndekha pampando uja. Dokotala anadabwa, n'kundiyamikira. Nesi anakoka kangolo ka masilinda awiri, n'kubweretsa kachipewa ka labala kovala pamphuno, kolumikizidwa ku mapaipi. M'chipindamo munkazizira, koma thukuta linkatsika m'khwapa. Kachipewako katatsala pang'ono kundikhudza, ndinaona kuti pali chinthu chimodzi chimene ndinali ndi ufulu wochidziwa.

"Amayi," ndinatero, "mukandiika konkuno, kapena munditumiza kwa azakhali?"

"Kukuika kuti?"

"M'manda. Adokotala anati ndifa. Inu munati sawa."

Amayi anandiyang'anitsitsa. Ndinaona maso awo akubwerera m'mbuyo mpaka Lolemba, akufufuza, kenako anapeza. Anagwira dzanja la nesi n'kulikankhira kumbali.

"Ganzi!" anatero. "Kufa ganzi! Esinati, ndi dzanzi limenelo. Dzanzi, ngati mwendo ukakhalitsa pamkeka. Kuno amati kufa ganzi. Chikufa ndi chiseyeye chokha, kwa maola awiri, kenako chidzuka."

Dokotala anafunsa chimene chachitika, amayi n'kumuuza. Nesi anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope ya amayi analekeza panjira. Dokotala anavula magalasi, kenako anapempha amayi kuti azindimasulira chilichonse, liwu ndi liwu, asanandikhudze. Anayamba wavalitsa amayi kachipewa kaja, mpweya wamankhwala asanatsegule, kuti ndione kuti munthu amapuma bwinobwino. Amayi ankaoneka ngati nkhumba, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka.

Sindinakhulupirire nthawi yomweyo. Ndinapuma koyamba nditagwira chitenje cha amayi ndi manja awiri. Mpweyawo unkanunkha labala ndi kutsekemera pang'ono. Zala zinayamba kunyerenyetsa, miyendo inatenthera, ndipo mawu a dokotala anapita kutali ngati akulankhulira m'chidebe. Mawu a amayi okha ndi amene anatsala pafupi, m'Chichewa, ambiri kuposa onse amene anandilankhulapo chibwerereni. Akupaka mankhwala. Tsopano jakisoni, uluma ngati nyerere. Tsopano umva kukankha, koma osati kupweteka. Zinachitika momwemo. Dzino linagwera m'kambale kachitsulo, lakuda, laling'ono mochititsa manyazi.

Potuluka sitinapite kokwerera bajaji. Amayi anandikhazika pakakhoma pansi pa mtengo wa nimu, iwo n'kukhala pambali panga, chikwama chili pamiyendo. Mlomo wanga unali ngati wa munthu wina, thonje lili m'kamwa, dovu likutsikira pa diresi.

"Masiku onsewa," anatero, osandiyang'ana. "Umadya nane mbale imodzi, ukudziwa kuti ndavomera. Ndipo lero wasamba wekha."

Analira pomwepo, pamsewu wa anthu, mayi amene sindinamuonepo akulira ngakhale pamaliro.

Tsiku limenelo ndinkaganiza kuti akulira ndi manyazi, poti mwana wawo wa kumudzi wawayalutsa pamaso pa dokotala, ndipo ndinalumbira mumtima kuti Chiswahili ndichiphunzira msanga. Ndinachiphunziradi chisanathe chaka. Koma lero, pamene ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo, ndikudziwa kuti vuto silinali liwu lija. Mwana aliyense akhoza kumva mawu molakwika. Chimene chinawaliza amayi n'chakuti mwana wawo anamva kuti iwo avomera kuti afe, ndipo sanadabwe.