Chitseko chimene ndinakoketsa ng'ombe

Chinali chaka cha 1971, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Kwathu mwana ndi wa kuchimuna, choncho maliro atatha amayi anabwerera kwawo ku Magodi, ine n'kutengedwa ndi akulu awo a bambo ku Mphamba. Ndinkawaitana kuti adada. Sankandimenya, sankandimana chakudya, komanso sankandilankhula. Ana awo anali kusukulu zogonera komweko. Ndinkadyera ndekha pakhonde.

Adada ankalima fodya, ndipo anali ndi vaneti yakale imene anaimangira galaja ya njerwa. Chitseko chake chinali cha malata okhomera pamatabwa, cholemera, chokankhira cham'mbali. Pansi chinali ndi timawilo tiwiri toyenda m'kangalande kachitsulo kamene tinkati njanji. Kutsegula ndi kutseka inali ntchito yanga.

Mu Juni kunabwera uthenga woti amayi akudwala chifuwa. Adada anati, "Loweluka tipita. Nikabwela kushedi ya fodya, nipeze chitseko chili chotsegula." Chibwerere changa anali asanandiuzepo mawu ambiri chotero. Nkhope ya amayi ndinali nditatha chaka osaiona.

Chitsekocho chinkalira poyenda, ndipo ndinafuna kuti Loweruka chisavute. Kwa bambo, ngolo ikayamba kulira tinkapaka mafuta a ng'ombe pachitsulo cha mawilo, n'kuleka. Lachitatu ndinasungunula mafuta otere m'chitini, n'kuthira njanji yonse. Chitseko chinayenda ndi chala chimodzi. Ndinadzimva mwamuna. Sindinauze munthu, ndipo womuuza panalibe. Za chisanu cha Juni sindinaganize, ngakhalenso za mphepo imene inkakokolola mchenga wa pabwalo. Lachinayi ndi Lachisanu vaneti sinatuluke.

Loweruka m'mawa ndinasamba madzi ozizira, ndinavala malaya a sukulu, ndinamanga mtedza wa amayi m'kansalu. Ndinakankha chitseko. Chinasuntha mpata wolowa mkono, n'kuima. Ndinakankha ndi phewa. Ndinachiponda ndi mwendo mpaka chala chinatuluka magazi. Akazi awo a adada anali kudimba, pakhomo panali nkhuku zokha. Dzuwa linkakwera. Ndinaopa chinthu chimodzi: adada afike, aone chitseko, anene kuti tidzapita tsiku lina.

Kwathu chimene chakanika munthu timachisiyira ng'ombe. Chitsa chikakana, ng'ombe. Ngolo ikatitimira, ng'ombe. Ndinamanga ng'ombe za adada, Bulaki ndi Kapiteni, pagoli, ndinakoleka tcheni pachogwirira cha chitseko, n'kukuwa monga ankakuwira bambo kumunda. Zinakoka. Chitseko sichinatsetsereke. Chinadumpha m'njanji, kumunsi kwake kunatulukira kunja, kumwamba n'kugwera mkati pagalasi la vaneti. Lata linadula mtsempha wa mwendo wakumbuyo wa Bulaki. Anakhala pansi ngati galu, akundiyang'ana.

Adada atafika anaona ng'ombe, anaona galimoto. Ine sanandiyang'ane.

"Vula malaya ya sukulu," anatero. "Itana anthu abwele na mipeni."

Tsiku limenelo mudzi wonse unadya nyama. Mtedza uja ndinaubisa kudenga. Lolemba sindinapite kusukulu. Anandipatsa ndodo yobusira ng'ombe zotsala, ndipo m'kalasi sindinalowenso.

Lolemba lomwelo, ndisanatsegule khola, anabwera a Mtonga, mkulu wokonza njinga, kudzaimika chitseko. Sanachikhudze n'komwe. Anayamba agwada, anatulutsa msomali m'thumba, n'kupala m'njanji. Munatuluka zinthu zolimba ngati sopo, mafuta oundana ndi mchenga. Pamene wilo linaima panali kamwala kofanana ndi nzama.

"Iwe mwana, ndani anadyetsa njanji nyama?"

"Ndine."

"Unayesa ni ngolo? Ngolo ipita pamwamba pa mchenga, njanji isunga mchenga. Muno mufunika tsache. Mafuta ni dontho limodzi pakati pa wilo, basi." Anandiika kamwalako m'dzanja. "Ng'ombe ziwili kulimbana na aka? Ukanagwada chabe."

Anaseka. Ataona kuti ine sindikuseka, analeka, n'kundipatsa msomali uja kuti ndimalize kupala.

Galasi linachita kuitanitsidwa ku Chipata, ndipo linachedwa. Za ulendo adada sanatchulenso, nanenso ndinalibe nkhope yofunsira. Amayi anamwalira mu Ogasiti. Kumaliro ananditengera panjinga. Ndinafika atatseka kale bokosi.

Ndakalamba ndi ntchito ya zitseko ndi mageti pa Lundazi pano, ndipo palibe chitseko china chimene chinandigonjetsa. Masiku ano magalaja achuluka, koma nzeru sizinachuluke. Amandiitana chitseko chitapindika kale: anyamata anayi akankha, wina wachigunda ndi galimoto. Ndikafika sindifunsa zambiri. Ndimagwada, ngakhale mawondo akukana.

Chitseko sichikana popanda chifukwa, ndipo chifukwacho nthawi zambiri chimakhala pansi. Chikaima, nawenso ima. Chibweze kumene chachokera. Sesa njanji, upale ndi msomali. Zunguza wilo lililonse ndi chala. Limene silikuzungulira lachita dzimbiri kapena latha, lithire dontho la oyilo pakati, likakana lisinthe. Ika diso kumapeto kwa njanji, uone ngati sinapindike popondedwa ndi matayala. Ikakhala nyengo ya mvula, yang'ana chipilala, mwina chatitimira n'kupanikiza chitseko. Apo itana mmisiri, usalimbane nacho. Girizi m'njanji ayi. Eni nyumba ena amakwiya ndikawapatsa tsache, amati aitana mmisiri osati wosesa.

Adada anapita osatchulapo za tsiku lija, ndipo amene analipo onse anatha. Wowerenga zimene zinawonongeka tsikulo ndatsala ndekha. Chitseko chimodzi. Galasi limodzi. Ng'ombe imodzi, ya mphamvu kuposa inzake. Sukulu yanga, yothera giredi faifi. Mtedza wa m'kansalu, umene makoswe anadya kudenga. Chitseko anachiwongola, galasi linafika, ng'ombe ina inabadwa. Chotsiriza ndi Loweruka limodzi, amayi akadali ndi maso oti n'kundiona.