Ndinabisa chozimitsa moto poopa pakamwa pa anthu

Chigayo changa sichinapse ndi ufiti ayi. Ndinachipsetsa ndekha ndi mantha anga, ndipo lero ndikunena poyera kuti ofuna kuseka aseke amalize.

Anali masiku aja matipate atangolowa, pakamwa pa aliyense patamasuka. Amuna anga pomwalira anandisiyira chigayo chopunthira mpunga kwathu ku Chia. Nditamaliza eda, masiku aja obindikira mwamuna akamwalira, ndinachigwira ndekha, anthu n'kumadabwa kuti mkazi akuchitha bwanji. Achimwene anga, omwe ankagwira ntchito kufakitale kumpoto uko, anabwera ndi chitsulo chofiira chonga dzungu n'kuchipachika kudenga, pamwamba penipeni pa injini. Kunsi kwake kunali kagalasi kochepa ngati chala. Anati moto ukabuka kagalasiko kamasweka ndi kutentha, chitsulocho n'kulavula ufa wozimitsa moto ngakhale pasakhale munthu pafupi.

"Achemwali, chinthuchi musachiphimbe ndi kanthu," anatero. "Muno muli dizilo, muli mankhusu."

Mwezi sunathe. Mayi wina wodzapunthitsa, a Nachisale, anayamba kuchiyang'ana cham'mbali. Posakhalitsa nkhani inali mpaka kudoko: mkazi uja ngokhwima, m'chitsulomo watsekeramo mzimu wa mwamuna wake kuti uzimuyendetsera injini. Abale inu, ine woswali kasanu patsiku! Anthu anayamba kundilambalala, mpunga panjinga, ulendo wa kuchigayo cha ku Benga.

Apa m'pomwe ndinapusa. M'malo mowaitana a Nachisale n'kuwaonetsa kagalasi kaja, ndinaitana kalipentala. Anachikhomera bokosi la matabwa okhuthala mbali zonse, ine n'kulengeza kuti chinthu chija ndachibweza kwa eni ake. Makasitomala anabwerera, ine n'kumadziona wochenjera.

Linali Lachisanu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bambo amene ankandigayira anazimitsa injini n'kupita ku swala ya Ijumaa, ine ndili kunyumba. Paipi ya utsi inali ikadali yotentha, mankhusu ataunjikana pambali pake. Pomwe ndinkaona utsi, moto unali utafika kale pamgolo wa dizilo. Amuna ambiri anali kumzikiti. Ife amayi tinathamanga ndi zidebe, koma madzi angatani ndi dizilo? Chitsulo chija chinaphulika ndithu, tonse tinamva kuti phuu! Koma chinaphulika mochedwa, matabwa atatha kupsa, denga likugwa. Ufa wake unangogwera pamakala.

Ndiye mukudziwa zomwe ananena a Nachisale, chidebe chili m'manja? "Mwamva? Atuluka eni chigayo, malemu aja."

"Eya, atuluka," ndinatero. "Inu mawa mukapunthe ku Benga, muone ngati kuli pafupi."

Achimwene atabwera sanakalipe. Anatola misomali ya bokosi lija paphulusa, anandiyang'ana, n'kukakwera basi yomweyo yobwerera. Bola akanandimenya mbama.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mukudzigwirira nokha, ngati muli ndi chipangizo chozimitsa moto pachokha, kaya kunyumba, kaya kusitolo, kaya kuchigayo, chisiyeni pambalambanda. Musachikute nsalu, musachipake penti, musachiunjikire matumba. Wofunsa mufotokozereni, mumuonetse ndi kagalasiko. Wonena za ufiti mutayeni, chifukwa ndinachionetsa ananena, ndinachibisa ananenabe.

Manyazi a umasiye ndilibe, a umphawi ndilibenso. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinamvera anthu oti sanagwirepo ndi sipanala yomwe. Njerwa ndaumba kale, ndipo injini ikadzapezeka chitsulo chofiira chidzalendewera poti aliyense wolowa achione, wosafuna atembenuke. Pakali pano mpunga wanga ndimakapunthitsa kwa eni, n'kuima pamzere ngati wina aliyense, khosi lili chilili. Mwa anthu onse amene ndinawakhomera bokosi lija kuti mitima yawo ikhale pansi, palibe ndi mmodzi yemwe amene wandibweretsera lata.