Tsiku limene ndinaba njinga ya ahedi

Ndili sitandade seveni, kusukulu kwathu kwa Mwambo kunabwera mayi wina wochokera m'tauni ya Zomba kudzatiphunzitsa zisudzo. Anali wamfupi, woseka mokweza, ndipo sankafuna kutiona titakhala pansi. Tsiku loyamba anatiuza kuti tiyende ngati akuba. Kalasi yonse inayamba kunyang'ama, ena kukwawa pansi pa mabenchi, mpaka madamuwo anagwira m'mimba ndi phwete.

Sewero lathu linali la wakuba njinga. Phunziro lake linali loti wakuba akagwidwa asamenyedwe, koma apite naye kupolisi. Aliyense ankalimbirana upolisi chifukwa cha zipewa za makatoni. Ukuba panalibe woufuna.

"Ndiba ndine, madamu," ndinatero.

"Iwe? Mtsikana wa kwaya?" anzanga anakuwa.

Ndinavala jekete la achimwene anga, ndevu ndinajambula ndi makala. Ahedi anatibwereka njinga yawo. Lachinayi masana tinapita kukayeserera pabwalo la mpira, m'mbali mwa msewu wopita kudoko.

"Mukuwe ngati zenizeni," anatero madamu. "Ndisamve mawu a anthu odwala malungo."

Ndinanyang'ama, ndinaigwira njinga ija, ndinakwera. Kumbuyo kwanga kunaphulika: "Wakubaaa! Gwirani wakubayo!"

Ndimayenera kuzungulira mtengo wa mango n'kugwa. Koma ahedi sanatiuze kuti njingayo inalibe mabuleki, iwo ankaimitsa ndi chidendene. Bwalo lathu ndi lotsetsereka. Mtengo ndinaudutsa, msewu ndinauoloka, ndikuseka ndi kukuwa nthawi imodzi, mpaka phava! m'munda wa mpunga.

Inali nyengo yokolola. Azimayi anataya mitolo n'kuthamangira kumene ndinagwera. Bambo wina wogulitsa matemba anagwetsa njinga yake pamsewu, nadumphira m'matope, nandigwira pakhosi pa jekete. Nkhope yanga inali matope okhaokha.

"Mumenyeni! Atitopetsa amenewa!" anakuwa anthu. Mayi wina anali atakweza kale ndodo.

Apa kuseka kunandithera. Ndinafuna kunena kuti ndi sewero, koma m'kamwa munali mutadzaza thope.

Woyamba kufika anali mnzanga wokhala naye benchi imodzi, amene ankasewera sajeni, chipewa chake chitapendekeka. Anaima pamzere wa munda, nanena mawu ake a m'sewero monga momwe anawalowezera.

"Musamukhudze! Woweruza si inu!"

Anthu onse anatembenuka n'kuyang'ana chipewa cha katoni chija.

"Ndiwe ndani iwe?" anafunsa wa matemba.

"Ndine sajeni, bambo."

Wina anayamba kuseka, kenako onse. Madamu anafika ali wefuwefu, nsapato zili m'manja. Ahedi anandidutsa osandiyang'ana, nakazula njinga yawo n'kuyamba kuwongola chiwongolero. Mayi wa ndodo uja anandipukuta kumaso ndi chitenje. Anali azakhali anga enieni.

"Mayo ine! Mwana wa achimwene!"

Ine ndinkayesa kuti madamu apepesa n'kutibweza kusukulu. Ayi ndithu. Anaima pakati pa anthuwo, matope ali m'miyendo, n'kufunsa kuti, "Nanga sajeniyu akanachedwa, mukanamutani mwanayu?"

Wa matemba sanabise. Anati njinga yake yoyamba anamubera ku Songani, anayenda wapansi mpaka kwawo, ndipo akagwira wakuba amaona nkhope ya amene anamubera uja. Azakhali anati iwo sanaone nkhope iliyonse, anangomva kukuwa, dzanja linakwera lokha. Anatsutsana nthawi yaitali, ife ana tikulowerera, popanda wotiletsa. Pomaliza madamu anapempha bambo uja kuti Loweruka adzanene zomwezo pamaso pa makolo, mkati mwa sewero. Anavomera, ndipo anadzalankhuladi, motalika kwambiri mpaka ahedi anaimba belu.

Koma tsiku la matope lija azakhali anandikokera kumjigo. Ankapopa madzi ndi dzanja limodzi, lina akundikhula m'khosi, akundikalipira kuti mtsikana wanzeru savala jekete la amuna. Akati akalipe, phwete linkawapitirira, n'kukhala pansi pa simenti, madzi akuwathira pamapazi.

"Ukakanena kwa abambo ako za ndodo ija," anatero, "mpunga wanga sudzaulawanso."

Ndinakanena madzulo omwewo, ndisanavule n'komwe yunifolomu.