Dothi la Tadala lazirira khonde

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Kandeu mtima wangokhala pansi tsopano.

Mukudziwa kuti mng'ono wathu Tadala anabwera kudzakumba dothi la mtapo la kafukufuku wake wa ku yunivesite. Masiku anayi wakhala akulisinja ndi kusefa mpaka kusalala ngati ufa woyera. Akuti ku labu amalitsekera m'makina limodzi ndi pulasitiki, n'kupanikiziramo mpweya mpaka ukhale pakatikati, osati mpweya weniweni komanso osati madzi. Mpweyawo ndiwo umamwaza tinthu ta dothilo mu pulasitiki monse kuti alimbe.

Mmawa uno, akupakira kuti anyamuke, ndowa ya dothi osaoneka. Tinapeza amayi atagwada pakhonde, akuzira nalo, poti mawa kubwera azimayi a kumpingo.

Tadala anangokhala pansi, misozi mbwee. Amayi amvekere, “Iwe, dothi labwino chonchi ukalithire m'pulasitiki?”

Mwamwayi pansi pa ndowa panatsala louma lodzaza kapu. Tadala akuti makinawo amangofuna masipuni ochepa, ndiye likwana. Wakwera minibasi akuseka.

Koma khondelo lawala, abale, sindinalionepo chonchi. Ndiye mukuti bwanji, tiwauze amayi kuti analakwitsa, kapena Tadala akadzabweranso adzasefe lozirira kukhitchini?