Dzanja la a Kanyundo

Pa siteshoni ya sitima palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Kanyundo, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akuyenda m'mbali mwa mabogi, kugogoda magudumu ndi kanyundo ka chigwiriro chachitali. Gudumu labwino limalira kuti ngwiii, ngati belu. Long'aluka limangoti gwa, basi.

Anayamba ntchito siteshoniyo ili ndi zenera limodzi logulitsira matikiti, wotchi ya pakhomo akuipukusabe ndi manja. Aona chipinda chodikirira chikukulitsidwa kawiri, ofesi ya katundu ikusamukira kuseri, mabenchi amatabwa akuchotsedwa n'kubwera achitsulo ozizira. Mabwana abwera n'kupita asanu. Kanyundo ndi komwe kaja.

Vuto anayamba kuliona ndi akazi awo, poti wailesi inkangokwezedwa tsiku ndi tsiku.

"Bambo, ndati madzi osamba akuzizira!"

"Ndamva kale, mayi, musakuwe."

"Mwamva kachitatu."

Kuchipatala anati khutu lakumanzere lafa, lakumanja latsala pang'ono. Kalata ya dokotala inafika kwa abwana a siteshoni, mayi wa magalasi wosachulutsa gaga m'diwa.

"Ntchito yanu ndi ya makutu, bambo," anatero abwanawo. "Zaka ziwiri zatsalazi musanapume pantchito mukakhale pageti, muziona matikiti."

A Kanyundo mtima unangoti psuu. Pageti! Kukhala pampando tsiku lonse, sitima n'kumanyamuka ndi ana a anthu iwo osaigogoda?

"Bwana, mundiyese kaye. Ndikalephera, kanyundo ndikusiyirani pa desiki pompano."

M'mawa mwake kapitawo wa kushedi, komwe amakonzera mabogi, anandandalika magudumu asanu ndi limodzi. Lomwe linali long'aluka ankalidziwa yekha. Onyamula katundu anasiya mangolo awo n'kudzaonerera. Anabweranso mlamu wa a Kanyundo, mayi wogulitsa matikiti, amene iwo anamupempha thonje.

"Thonje la chiyani, alamu? Khutu lina munatseka kale osagula kanthu!"

Anthu anafa nacho chiseko. A Kanyundo anatseka khutu lotsalalo ndi thonje lija kuti munthu asadzanene kuti anachita mwayi. Kenako anagwira kanyundo momasuka, monga amachitira masiku onse. Iwo ankadziwa chinthu chomwe sanauzepo munthu: gudumu labwino likamenyedwa, kunjenjemera kwake kumakwera m'chigwiriro mpaka pachigongono, koma long'aluka kumafera m'chikhatho.

Anagogoda loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi anaima, nagogodanso, n'kulilemba ndi choko. Otsalawo anawagogodabe mpaka kumapeto, chifukwa ntchito saisiyira panjira.

"Ndi lomwelo," anatero kapitawo uja, akupukusa mutu. "Madala awa ali ndi khutu m'dzanja."

Abwana anavula magalasi. "Dzanja lanu ndalikhulupirira. Koma dzanja silimva hutala ya injini ikamabwera kumbuyo kwanu. Kunjanji zosinthira mabogi musapitekonso. Muzigogoda sitima za anthu zokha, zitaima papulatifomu."

A Kanyundo anafuna kutsutsa, koma anakumbukira tsiku lina mwezi wapitawo pamene bogi inawadutsa pafupi iwo osaimva. Nkhani imeneyo ngakhale akazi awo sankaidziwa.

"Mwanena zoona, bwana," anatero, n'kupachika kanyundo paphewa.

Masiku ano mukafika pa siteshoni sitima ya masana isananyamuke, muwaona atawerama pansi pa mazenera, tsitsi lili mbuu. Ana amasuzumira kuti aone chimene agogowo akufuna pansi pa sitima. Mlamu wa a Kanyundo uja amawapatsa moni ndi manja awiri ali kuseri kwa galasi, ngati akuimitsa basi.

Kunyumba nako kukuwa kunatha. Madzi akatentha, akazi awo amatenga supuni n'kugogoda pa mkono wa mpando umene bambo akhalapo. Tsiku loyamba anagogoda phewa lenilenilo.

"Lalira bwanji?" anafunsa a Kanyundo.

Mayiwo anawerama n'kuwayankhira kukhutu lakumanja. "Gudumu ili ndi lakale, koma ulendo likadali nawo. Kasambeni."