Pulagi Yakuda ya ku Leadville

Mayi Lorna Tibbets akhala akukonza njinga zamoto kuno ku Leadville, tauni ya pamwamba pa mapiri, kwa zaka makumi atatu, ndipo satsegula kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, asanaone pulagi. Tsiku lina ndinafika kwa iwo ndi njinga yanga. Njingayo inali itatsamwa pomwe ndimapitirira lole pachitunda, kutsogolo kukubweranso ina. Ndinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

"Ikuperewera petulo, mayi," ndinatero. "Timabowo todutsa petulo ta m'kabuleta ndinatikulitsa kale, tikulitseninso."

Mayi Tibbets anagwada pambali pa njingayo. Anamasula pulagi n'kundiikira m'manja, ili bii ngati khala.

"Nzeru zimenezo anakupatsa ndani?"

"Anzanga a ku Florida."

"Kwawoko n'kunsi, mpweya ndi wochuluka. Kuno kumapiri ndi wochepa, ndiye iwe ukuitsamwitsa njingayi ndi petulo, n'chifukwa chake pulagiyi yada chonchi. Ndikatikulitsanso, mwanawe, lole yotsatira sidzakuphonya."